SETIFIKETI YA KUNJA: FUNSANI MUSANAGULITSE NYUMBA

Abale ndi alongo a m'makomboni, inu a ku Wusakile ndi ku Chamboli, a ku Kantanshi ndi ku Chiwempala, a ku Matero ndi ku Chawama, lero tifuna kukamba nanu nkhani ya mapepala a sukulu. Masiku ano nkobvuta kupeza komboni imene mulibe nyumba yotumiza mwana kukaphunzira kunja. Wina ali ku China, wina ku Russia, wina ku India, wina ku Algeria, wina pafupi pompa ku South Africa. Kuti mwanayo akwere ndeke, bambo anapereka mabenefiti ace onse a ku mgodi, mai analowa cilimba, ndipo ena anafika pakutenga kaloba kapena kugulitsa nyumba imene. Ife sitidzudzula makolo otere. Acita bwino kufunira ana ao cimene iwo eni anamanidwa. Koma funso lathu nali: tsiku limene mwanayo adzatsika ndeke ku Lusaka ndi pepala lace m'cikwama, kodi pepalalo lidzamtsegulira citseko ca nchito, kapena lidzangokhala cokongoletsa cipupa?

ZIMENE TINAONA MU OFESI YA MGODI

Ife amene tirikulemba mau awa sitinapite patali ndi sukulu. Tinalekezera ku pulaimale. Koma tinagwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wina zaka zingapo, ndipo mafaelo a anthu ofuna nchito anali kupita m'manja mwathu tsiku ndi tsiku. Kumeneko tinaona anthu a mitundu itatu.

Woyamba anali mdala amene anakonza mapampu pansi pa mgodi kwa zaka zambiri. Pampu ikalira molakwika iye anali kudziwa bvuto lace asanaitsegule. Koma m'faelo mwace munalibe pepala liri lonse, cotero anakhalabe wothandizira mpaka tsiku lopuma nchito, ndipo malipiro ace anali a wothandizira.

Waciwiri anali mnyamata amene anabwera ndi dipuloma yocokera kunja, yolembedwa m'cinenero cimene palibe mmodzi wa ife anatha kuwerenga. Bwana anaitembenuza uku ndi uku, nati koleji imeneyi saidziwa, naiponya m'dirowa. Mnyamatayo anabwera pa windo lathu kangapo kudzafunsa. Ife tinali kungomuuza kuti abwerenso sabata yamawa, ngakhale tinali kudziwa kuti palibe amene adzatsegulanso dirowa ija.

Wacitatu anali mlendo wobwera ndi kontrakiti yace kucokera kunja. Iye mapepala ace sitinawaone nkomwe. Tinangouzidwa kuti ndi katswiri, timpatse nyumba ndi galimoto.

Pamenepo ndi pamene tinaphunzira kuti pepala liribe pakamwa. Likasowa wolilankhulira, mwini nchito ndiye amalipatsa mtengo monga afunira, ndipo kawirikawiri mtengo wa pepala la mwana wa m'komboni umakhala wotsika.

BVUTO ILI SILINAYAMBE LERO

Akuluakulu athu aidziwa bwino nkhani imeneyi. M'masiku a Northern Rhodesia munalibe yunivesite m'dziko muno. Mwana akatsiriza ku Munali, njira yace inali ya ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, ku India kapena ku Mangalande. A Harry Nkumbula anapita ku Makerere ndi ku London. A Simon Kapwepwe anapita ku India, nabwerako mu 1955. A Mainza Chona anaphunzira za malamulo ku Gray's Inn mu London, nalandiridwa monga loya mu 1958. Koma atabwerera kwao anapeza lamulo lakuti ayambe agwira nchito mu ofesi ya loya wina asanaloledwe kuimira milandu, ndipo maofesi a maloya a nthawi imeneyo anakana kuwalandira. Munthu amene London inambvomereza anakanidwa m'dziko lobadwiramo. Munthu yemweyo pambuyo pace anakhala Nduna Yaikuru ya Zambia.

Ku migodi kunali cimodzimodzi. Nchito zaluso zinali zosungidwira Azungu, ndipo munthu wakuda sanali kuloledwa kuphunzira umisiri monga aprentisi mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nanga zotsatira zace? Pa 24 October 1964, tsiku limene mbendera yathu inakwera, anthu a dziko lino okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe. Ndico cifukwa cace anthu wamba anasonkha ndalama, nkhuku ndi mbuzi kuti timange yunivesite yathu, imene inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312.

Tikumbutsa izi cifukwa ca cinthu cimodzi. Masiku aja woweruza pepala lako anali munthu yemweyo amene anali kuopa kuti udzamlanda mpando. Panalibe muyeso wolembedwa, panalibenso kokadandaula. Cotero dziko lodzilamulira liyenera kukhala ndi sikelo yaceyace yoyezera mapepala, yoikidwa poyera, yofanana kwa mwana wa nduna ndi mwana wa malonda.

SIKELO IMENEYI IRIPO

Ambiri a ife sitidziwa kuti sikeloyo iripo kale. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe lochedwa Zambia Qualifications Authority, limene anthu alichula mwacidule kuti ZAQA, ndipo mu 2024 inapanga lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Nchito ya bungweli pa mapepala a kunja iri pawiri.

Yoyamba ndiyo kuona ngati pepalalo ndi loona. Bungweli limafunsa ku sukulu imene inalipereka ngati munthuyo anaphunziradi kumeneko ndi kutsiriza. Limaonanso ngati sukuluyo ndi yobvomerezeka ndi Boma la dziko lace. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kunja kuli makoleji ena okhala ndi nyumba zazitali ndi zithunzi zokongola pa intaneti, koma kwao komweko Boma silikuwawerengera. Koleji imene kwao siidziwika, kuno singadziwike.

Yaciwiri ndiyo kuyeza kulemera kwa pepalalo. Maphunziro onse a m'Zambia anaikidwa pa makwerero a masitepe khumi, kuyambira ku pulaimale, kupita ku sekondale, ku umisiri, ku dipuloma, ku digiri, mpaka pamwamba peni peni pa udokotala wa maphunziro. Pepala la kunja limaikidwa pa sitepe imene liyenera. Si dzina lolembedwa pa pepala limene liri ndi kanthu, koma zaka zimene munthu anaphunzira, zimene anaphunzirazo, ndi cimene anali naco polowa. Pepala lina limachedwa dipuloma kwao, koma poliyeza kuno lipezeka kuti lifanana ndi setifiketi.

Ndipo mverani bwino apa, makolo. Kalata ya ZAQA si cilolezo cogwirira nchito iri yonse. Wophunzira udokotala ayenera kupitanso ku Health Professions Council of Zambia. Nesi ali ndi bungwe lace la manesi ndi anamwino a uzamba. Injiniya alembetsa ku Engineering Institution of Zambia, mphunzitsi ku Teaching Council of Zambia, ndipo wofuna kuimira milandu m'khoti ayenera kupita ku ZIALE ndi kupambana mayeso a kumeneko. Zitseko ziri ziwiri, ndipo wanzeru amagogoda pa zonse ziwiri mwana asanakwere ndeke.

ENA ATI NDI MSAMPHA WINA

Tamva anzathu ena m'mabasi ndi pa tuntemba akunena kuti bungwe lotere ndi njira ina yodyera ndalama za osauka, ndi mpanda wina wochingira ana athu monga unali mpanda wa khungu kale. Madandaulo awa sitiwapeputsa, pakuti kuyezetsa pepala kumalipiritsidwa, ndipo munthu wosagwira nchito ngwee iri yonse imamuwawa. Koma tiyeni tiganize bwino. Kodi sikelo ikacotsedwa pa msika, amene apindula ndani, wogula kapena wakuba?

Mu 2017 dziko lonse linadabwa pamene kunapezeka aphunzitsi mazana angapo akugwira nchito ndi masetifiketi abodza. Kodi aphunzitsi amenewo anali kuphunzitsa ana a yani? Ana a olemera ali ku masukulu olipira, ndipo akadwala apita kunja. Ana athu ndiwo amakhala pamaso pa mphunzitsi wabodza. Akazi athu ndiwo amagona pa bedi la kiliniki ya m'komboni. Ife eni ndife timalowa m'keji kutsikira pansi pa mgodi, tikukhulupirira kuti amene anayeza cingwe ca kejiyo anaphunziradi nchito yace. Pepala labodza limapha wosauka poyamba.

Ndiponso tisaganize kuti ndi Zambia yekha amene amayeza mapepala. Mwana wathu akapita ku South Africa, pepala lace la kuno limapita ku bungwe lao la SAQA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Akapita ku Britain liripo bungwe la UK ENIC. Ku Netherlands kuli Nuffic, bungwe la mu mzinda wa The Hague limene linayamba mu 1952. Maiko a ku Ulaya anapangana ku Lisbon mu 1997 kuti pepala la dziko lina lizilandiridwa pokhapo pataoneka kusiyana kwakukuru, ndipo wokana ndiye ayenera kuonetsa kusiyanako. Maiko a mu Africa anapanga pangano lao ku Arusha mu 1981, nalikonzanso ku Addis Ababa mu 2014. Bungwe la UNESCO linabvomereza pangano la dziko lonse lapansi mu 2019, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2023. Tsono ngati ife tiribe bungwe lokhulupirika loti anzathu akunja alifunse za mapepala a ana athu, adzawakhulupirira bwanji? Sikelo yathu ikakhala yolungama, digiri ya ku Lusaka ndi ya ku Kitwe imalemera kulikonse kumene ipita.

OTUMIZA NDI OYEZA AYENERA KUMVANA

Koma pali cinthu cimene tifuna kuti akuluakulu a Boma acimve. Kutumiza mwana kunja ndi kuyeza pepala lace pobwera ndi nchito imodzi, monga kubzala ndi kukolola. Ku Netherlands kuja bungwe limodzi lomwelo la Nuffic limalimbikitsa ophunzira kupita ndi kubwera, ndiponso limayeza madipuloma a kunja. Kuno kwathu nchitozi ziri m'nyumba zosiyana. Malo a maphunziro amene maiko monga Russia, China, Algeria ndi Morocco amapatsa Boma lathu amapita m'manja mwa Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe la lamulo la 2016 limene linalowa m'malo mwa komiti yakale ya mabasare. Kuyeza kuli ku ZAQA. Cilolezo ca nchito ciri ku mabungwe ena aja. Ndipo ana ambiri sapita ndi Boma konse, apita ndi maejenti.

Za maejenti tiri ndi umboni wathuwathu. Mnansi wathu wina, mai wamasiye, anagulitsa puloti imene mwamuna wace anamsiyira, napereka ndalama kwa ejenti wina wa m'tauni amene analonjeza mwana wace malo a udokotala kunja. Ejentiyo anali ndi ofesi yoyera, taye pakhosi ndi mau okoma. Mwanayo atafika anapeza kuti maphunziro a caka coyamba ndi a cinenero cabe, ndi kuti ndalama zogonera ndi zodyera sizinali m'pangano. Caka caciwiri cisanathe anabwerako wopanda pepala, ndipo ofesi ya ejenti ija tinaipeza yasanduka sitolo ya mafoni. Mai uja sanafunse kwina kuli konse, cifukwa sanadziwe kuti kuli kofunsa. Akale anati safunsa anadya phula, koma ife tinena kuti mlandu suli pa iye yekha. Uli pa onse amene anadziwa njira nakhala cete.

Tisaiwalenso kuti mwana amene ali kunja ndi moyo wa munthu, si pepala cabe. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu February 2022, ophunzira athu anathawa ndi zobvala za m'thupi, maphunziro ao nadukira pakati. Caka comweco tinamva za mnyamata wa dziko lino wa zaka 23, amene anapita ku Moscow kukaphunzira uinjiniya, namangidwa mu 2020, natengedwa m'ndende kupita ku nkhondo imeneyo, nafera komweko mu September 2022. Mtembo wace unafika ku Lusaka mu December. Amene atumiza mwana ayenera kudziwa kumene agona, cimene adya, ndi amene adzamuimira akagwa m'bvuto. Kumpatsa tikiti ndi kumtsazika pa bwalo la ndeke si kutsiriza nchito.

MSEWU UKHALE WOPITA NDI WOBWERA

Amati kusinthana ophunzira. Koma kusinthana kweni kweni nkwakuti ndikupatsa, iwenso undipatsa. Ngati ana athu anzeru angopita osabwerera, kumeneko si kusinthana, ndi Wenela watsopano. Kale anatenga mikono ya makolo athu kupita nayo ku migodi ya ku Johannesburg, lero atenga mitu ya ana athu. Mu 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a zaumoyo ocepa kwambiri, amene maiko olemera sayenera kubwera kudzakopa manesi ndi madokotala ao. Nesi amene apita ku Britain sitimuimba mlandu, pakuti nayenso ali ndi ana ofuna kudya. Koma tinena kuti dziko limene lifuna ana ace abwerere liyenera kuwalandira msanga. Mnyamata akadikira miyezi ndi miyezi kuti pepala lace liyezedwe, kwinaku akugulitsa mafoni pa msewu, tsiku lina adzanyamulanso cikwama cace, ndipo ulendo umenewo sadzabweranso.

Ndipo tisanayang'ane kutsidya kwa nyanja, tiyang'ane kwa anansi. Mu 1997 maiko a SADC anapangana kuti mayunivesite ao azisunga malo osacepera asanu pa malo 100 ali onse kuti alowemo ophunzira a maiko anzao a m'cigawo cino. Makolo ambiri sadziwa zimenezi. Mwana amene aphunzira ku Malawi, ku Botswana, ku Namibia kapena ku Tanzania ali pafupi, basi imafika, ndipo akadwala amai ace angathe kupita kukamuona.

Nafenso tiri ndi alendo pakati pathu. Ku Meheba, m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo, kwakhala anthu othawa nkhondo kuyambira mu 1971. Ena a iwo anali aphunzitsi ndi manesi kwao, koma mapepala ao anapsa kapena anatsala pothawa. Mu 2019 UNESCO pamodzi ndi ZAQA anayamba kuyesa kumeneko njira yofunsa munthu wotere mafunso ndi kufufuza mbiri yace, kenaka kumpatsa kalata yonena maphunziro amene ali nao. Ici ndi cinthu coti tinyadire. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndipo ngati nzotheka kuzindikira nzeru za munthu amene pepala lace linapsa, nzothekanso kuzindikira nzeru za mdala uja wa mapampu amene sanakhalepo ndi pepala.

ZIMENE TIPEMPHA

Coyamba, mabungwe otumiza, oyeza ndi opereka zilolezo akhale pamodzi, natulutse mndandanda umodzi wa masukulu a kunja amene mapepala ao alandiridwa kuno. Mndandandawo upacikidwe pa sekondale iri yonse ndi pa ofesi ya khansala ali yense, kuti mwana wa Giredi 12 auone asanalembe kalata.

Caciwiri, nkhani zimenezi zilankhulidwe pa wailesi m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Silozi ndi m'zinenero zathu zina. Amene amalipira ndalama za sukulu ndi mai wa pa msika, si munthu wowerenga Cingerezi pa kompyuta.

Cacitatu, anthu a ZAQA azifika ku Kitwe, ku Ndola, ku Solwezi ndi ku Chipata masiku odziwika, kuti amene alibe intaneti akambe ndi munthu maso ndi maso. Mtengo ukhale woti wosagwira nchito angathe kulipira, ndipo masiku odikira akhale olembedwa.

Cacinai, ejenti ali yense wotumiza ana kunja alembetsedwe ku Boma, ndipo wonamiza makolo aimbidwe mlandu monga wakuba wina ali yense.

Cacisanu, sikelo ikhale imodzi kwa onse. Katswiri wobwera ndi kampani ya kunja aonetse mapepala ace monga aonetsera mwana wathu. Ndipo mabungwe a anchito akakamize makampani kutumiza amisiri akale ku mayeso a umisiri a TEVETA, kuti zimene manja ao adziwa zilembedwe pa pepala asanacotsedwe nchito.

MAU KWA MAKOLO

Tsono inu bambo ndi inu mai, musanapereke ngwee kwa munthu ali yense, citani izi. Lembani dzina lonse la sukuluyo, mzinda wace, ndi dzina la maphunziro amene mwana afuna. Pitani nazo ku ZAQA mukafunse ngati sukuluyo ndi yobvomerezeka. Pitani nazonso ku bungwe la nchito imene mwanayo afuna kudzagwira. Funsani kuti maphunzirowo ndi a zaka zingati, adzaphunzitsidwa m'cinenero citi, ndipo ndani adzalipira cakudya, pogona ndi cipatala. Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa. Sungani marisiti onse. Mwana akamapita, muuzeni akalembetse dzina ku ofesi ya kazembe wathu, ndipo asunge zotsatira za mayeso a caka ciri conse, osati setifiketi yomariza yokha. Ejenti akakuuzani kuti fulumirani malo atha mawa, dziwani kuti afuna mulipire musanaganize. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Makolo athu anasonkha nkhuku kuti dziko lino likhale ndi anthu ophunzira. Ife lero tisonkha nyumba ndi mapenshoni. Thukuta limeneli lisatayike cifukwa ca kusowa funso limodzi. Mukawerenga pepala lino mpatseni mnzanu wa pa nchito, ndipo mukaliwerengere mnansi amene satha kuwerenga. Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa nthambi, pa chalichi ndi pa cilimba, kuti pasapezekenso mai wina wogulitsa puloti m'cimbulimbuli.